Zomera Zinayi Zimene Foni Inakana Kutchula

Sonkhezani motowo. Ngati pano pali woyembekezera, asendere kumbuyo pang'ono, nkhani iyi aimve ndi khutu limodzi.

Kunali mkulu wina dzina lake Lidisoni, wa kuseri kwa phiri la Dedza, kumudzi kumene galimoto imafika kamodzi pachaka, nayonso itasochera. Anali wamtali ngati mtengo wa magetsi, ndipo khasu ankalidziwa. Akagwira mzere m'mawa, pofika masana mbewa za m'mundamo zimakhala zitasamuka ndi katundu yemwe. Koma maluwa sankawadziwa. Kwa iye zomera za padziko pano zinali mitundu iwiri basi: zodya ndi zozula.

Mkazi wake Nankhoma anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, pathupi pachitatu. Ana awiri oyamba anabadwa osalira, onse awiri panjira, mayi ali m'ngolo kulowera kuchipatala chimene sichinkafikika. Ndiye Lidisoni anachita kulumbira kuti uyu yekha abadwira pafupi ndi anamwino. Atamva kuti pa boma pali mayi wina akufuna wosamala maluwa, kanyumba kogonamo kali kuseri, chipatala chili poti ukatsokomola namwino akufunsa kuti chayamba liti, anabwereka jekete n'kutsika phiri.

Mwini nyumbayo anali Mayi Chapomba, mayi wamkulu ndithu, wokhala yekha. Anagwira ntchito kunja zaka makumi atatu, n'kubwerako ndi magalasi a chingwe m'khosi ndi foni yaikulu ngati mbale yodyera. Anagula nyumba yakale imene mzungu wina wa za nkhalango anaisiya kalekale. Nyumbayo inakhala yopanda munthu zaka zambiri, mpanda unagwa, ndipo malo a maluwa anasanduka tchire lotsetsereka mpaka kukamtsinje kumunsi.

"Maluwa mumawadziwa, bambo?" anafunsa Mayi Chapomba, akumusuzumira pamwamba pa magalasi.

"Mayi, ine maluwa ndinabadwira momwemo," anatero Lidisoni. "Akandiona ndikubwera amachita kugwada."

Ntchito anaipeza. Tsiku loyamba madamu anapita kumsika, iye n'kulavulira m'manja. Pobwera madamu anaima pageti kukamwa kuli yasa. Pabwalo panali mbee. Chimene chinatsala chinali bonongwe, luni ndi chisoso, zonse zokwezeredwa dothi bwinobwino ngati chimanga cha pampikisano.

"Marozi anga ali kuti?"

"Minga ija, Mayi? Ndathana nayo. Inandibaya kawiri koma ndaigonjetsa."

"Nanga izi mwasiyazi n'chiyani?"

"Uyu ndi bonongwe, Mayi, wonona. Uyu ndi luni. Mukathira nsinjiro mudzandikumbuka."

Madamu anakoka mpweya wochotsera munthu ntchito. Koma maso awo anagwera pakhomo la kanyumba kaja, pamene Nankhoma anakhala pamkeka atatambalala, mimba ili patsogolo. Mpweya uja anaumeza.

M'malo mwake anaika lamulo. Iwo aziyenda patsogolo ndi foni, poti foniyo ukailozetsa patsamba imatchula dzina la chomeracho. Chikakhala duwa, achimanga ulusi wofiira. Chopanda ulusi, Lidisoni azule, ngakhale chikhale ndiwo yokoma bwanji.

Anayenda choncho sabata yathunthu. Madamu kuwerama, foni kuti tii, madamu kuwerenga dzina lalitali ngati la mankhwala a shuga. Madzulo Lidisoni ankatenga chivundikiro cha poto n'kumalozetsa pa mkazi wake, mphuno atatsina kuti mawu atuluke ngati a madamu: "Ichi ndi Nankhomasi mimbayaikulasi. Chimakonda mthunzi ndi mbatata yootcha. Musachizule." Nankhoma ankaseka mpaka kugwira m'chiuno, ndipo mwana m'mimbamo ankayankha ndi zidendene. Anali mwana wamphamvu ameneyo. Dzuwa likamalowa ankamenya mateche moti chitenje chimachita kudumpha.

Lolemba la sabata yachiwiri anafika kumunsi kwenikweni, pakona ya chinyontho pafupi ndi kamtsinje, pamene mpanda wakale unagwera. Pamenepo panali zomera zinayi. Masamba ake ngati a anyezi koma otambalala ngati chikhatho, obiriwira mopita kukuda. Duwa panalibe. Zinatalikirana phazi limodzilimodzi, pamzere wokhotakhota.

Madamu anaona masamba. Lidisoni, poti ndi mlimi, anaona pansi. Kuzungulira chomera chilichonse dothi linali losalala ngati posesa. Khovani anayanga paliponse koma pamenepo analambalala. Ngakhale dawe, udzu wopanda ulemu uja umene umaboola ndi simenti yomwe, unafika m'mphepete n'kuima.

Madamu analozetsa foni. Kanthu kanazungulira pagalasi, kuzungulira, kuzungulira, osatchula kanthu. Anayesa chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatu. Atafika pachachinayi foni inangoti bii, kuzima.

"Ndi netiweki ya kuno," anatero madamu, akuipukuta pa siketi. "Chopanda dzina ndi tchire. Sindimanga ulusi. Mawa muzule."

M'mawa mwake Lidisoni anatsikirako ndi khasu, n'kupeza zonse zinayi zomangidwa. Osati ulusi wofiira ayi. Tinsanza ta chitenje chakale, tonyowa, tomangidwa mfundo ija amamanga amayi pachifuwa akabereka mwana. Anakanda m'mutu n'kubwerera. Chomangidwa sazula, lamulo ndi lomwelo.

"Mwamanga ndinu?" anafunsa madamu atabwera kudzayendera.

"Ine ndimayesa ndinu, Mayi."

"Ine ndimange nsanza? Mukundiona bwanji?"

Anadula tinsanzato ndi sizasi n'kutaya m'madzi. Kutacha tinalipo tina, ta mtundu wina, mfundo yake yomweyo. Apa madamu anapsa mtima zenizeni.

"A Lidisoni, ngati ndi mankhwala anu a kumudzi, kabzaleni kwanu. Pano ndikufuna kuika maluwa anga. Muzule lero. Zikagona pamenepa, Loweruka mulongedze."

Lidisoni anayang'ana zomera zija, n'kuyang'ana kumtunda kumene denga la chipatala limaonekera pakati pa mitengo ya paini. Anaganiza za ngolo ija ndi msewu uja. Anavula jekete.

Tsiku limenelo anali atagwira kale ntchito ina. Madamu anali ndi maluwa ena oyera amene anachulukana mpaka kupanikizana, ndiye anamuuza awapatulire. Maluwa amenewo pansi amakhala ndi mitu ngati ya anyezi. Anakumba mawilibala atatu, kusadza masamba kuti akhale manyowa, mitu n'kukakhuthula kudzala. Zinayi zija anazisiyira kumapeto, dzuwa litapendeka.

Choyamba chinakana. Munthu amene ankazula chitsa cha mtondo ndi manja anakoka mpaka msana kulira. Kenaka chinangolekerera chokha, ndi kaphokoso kakang'ono, konyowa, kaja kamamveka mwana akamusolola kubere asanakhute. Mutu wake unali woyera, waukulu ngati chibakera. Unali wofunda. Umenewo unali mwezi wa Juni, pa Dedza, pamene madzi a mumtsuko amaluma ngati galu. Koma mutu umenewo unali wofunda ngati wachokera m'khwapa mwa munthu.

Anazindikira kuti kamtsinje sikakumveka. Madzi ankayenda, ankawaona, koma phokoso panalibe. Mbalame nazonso zii.

"Ntchito ndi ntchito," anadziuza mokweza, ndipo mawu ake anamveka ngati a munthu wina. Anazula zitatu zotsalazo mofulumira, kusadza masamba osayang'ana, mitu n'kukaponya kudzala pamodzi ndi inzake ija. Anasamba m'manja kawiri. Fungo silinachoke. Silinali loipa ayi, linali ngati la mkaka wotayikira pansalu.

Madzulo amenewo anatenga chivundikiro cha poto kuti ayambe sewero lake, koma Nankhoma sanaseke kwenikweni. Dzanja linali pamimba.

"Mlendo wathu lero wagona msanga," anatero.

"Watopa. Dzulo anamenya mpira wa anthu khumi ndi mmodzi yekha."

"Mwina."

Kutacha khasu panalibe. Analisiya kuseri kwa chitseko, mkati, chitseko chokhoma. Anafunafuna mpaka kukalipeza kumunsi kuja, litagonekedwa pambali pa maenje anayi aja, lotsukidwa mbee ngati latsopano, kumaso kwake kutaloza pansi.

Ataweramuka anaona anthu. Kutsidya kwa kamtsinje kuli kanjira kopita kumidzi, ndipo pakanjirapo, m'nkhungu ya m'mawa, panaima amayi anayi. Aliyense anamanga chitenje kumsana ngati wabereka, koma zitenjezo zinali phwa, zopanda kanthu. Wina anavala nsalu ya mtundu umene Lidisoni anauona komaliza ali mwana. Wina ankaoneka mtsikana ndithu. Ankagwedezeka pang'onopang'ono, uku ndi uku, monga amachitira mayi potonthoza mwana.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero Lidisoni, poti ulemu anali nawo.

Zii.

"Ngati ndi ganyu, madamu sanadzuke."

Mmodzi anayankha, koma Lidisoni sanadziwe kuti ndi uti, poti palibe amene anatsegula pakamwa poonekera.

"Akuzizidwa."

Nkhungu inakhuthala pang'ono, n'kupepukanso. Pakanjira panalibe munthu. Anayesa kukumbukira nkhope zawo, ngakhale imodzi, koma m'mutu munangotsala zitenje.

Anakwera kukanyumba akuyesa kuisandutsa nthabwala. "Nankhoma, kuno kuli amayi amwano. Munthu kuwapatsa moni, iwo akuti akuzizidwa. Nanga ine ndine bulangete?" Anaonetsa mmene ankagwedezekera, ndi mmene zitenje zinalili.

Nankhoma anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Bambo, dzulo munazula chiyani?"

"Tchire. Zinazake zinayi zimene ngakhale foni ya madamu inazikana."

"Kuti?"

"Kumunsi, kumadzi."

"Pansi pake panali posesa?"

Lidisoni anavomera ndi mutu. Mkazi wake anatseka maso, n'kulankhula motsitsa, atatembenukira kukhoma, chifukwa zimene ankanenazo mwamuna sauzidwa.

"Mwana akabadwa osalira sapita kumanda. Amamutenga amayi okhaokha, m'mamawa, kupita naye pamalo a chinyontho. Dzenje lake silizama. Salira maliro, ndipo abambo sauzidwa malo. Ndiye mayi akachira amapita yekha kukabzalapo kanthu, kuti azidziwa pamene pali mwana wake, ndi kuti mwanayo akhale ndi chofunda. Chimene wabzala amadziwa ndi iye yekha." Anatsegula maso. "Anga awiri aja nanenso ndinawabzalira."

Lidisoni anakhala naye mkaziyo zaka zisanu ndi chimodzi, koma zimenezi ankazimva koyamba.

"Mwawavundukula, bambo. Ndipo uyu chigonere dzulo sanagunde."

Anapita kuchipatala nthawi yomweyo. Namwino anaika kachitoliro kake pamimba, khutu mbali inayo, n'kumvetsera nthawi yaitali. Anasuntha, kumvetseranso.

"Mtima ukumveka," anatero, "koma ukumveka ngati uli chipinda china. Kagoneni chammbali, mumwe madzi ambiri. Mawa m'mawa mubwere, agunde asagunde. Mukamva china chilichonse musadikire kuti kuche."

Atamugoneka mkazi wake, Lidisoni anathamangira kudzala. Atafika anangoti kakasi. Mitu inali mbwee, mawilibala atatu, yonse yoyera, yonse yosadzidwa masamba, yonse yofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Anagwira uwu, kugwira uwo. Dzuwa linali litaiwomba tsiku lonse, ndiye yonse inali yofunda. Ananunkhiza mpaka mphuno kuchita dzanzi. Manja ake omwe ndiwo ankanunkha mkaka, ndiye chilichonse chimene wagwira chinkanunkha chimodzimodzi.

Anakagogoda kukhitchini, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ndibwerekeniko foni ija."

"Mwayamba kuikhulupirira?"

Anawafotokozera zonse, mwachibwibwi. Madamu anamvetsera nkhope ili gwa. Sanaseke, koma sanavomere.

"Mkazi wanu akufunika dokotala, osati anyezi," anatero. Komabe anatsika naye kudzala. Analozetsa foni pamutu uliwonse umene Lidisoni ananyamula, ndipo foni inatchula dzina limodzi lomwelo, la maluwa oyera aja, kasanu, kakhumi, kamakumi atatu. Madamu anatopa n'kubwerera m'nyumba.

Dzuwa likulowa Lidisoni anasankha mitu inayi yonenepa kwambiri, poganiza kuti mwina yaikulu ndiyo yoyenera, n'kukaikwirira m'maenje muja. Anathirira. Anapepesanso, osadziwa kuti akupepesa kwa yani.

M'bandakucha anadzidzimuka ndi kaphokoso pakhomo. Sikunali kugogoda. Kunali kukanda, pansi penipeni pa chitseko, pamene pangafike dzanja la munthu wokwawa. Kenaka kunamveka kutsopa, tsop, tsop, tsop, ngati wina akuyamwa chala. Nankhoma anali maso, akuyang'ana kudenga, manja onse awiri pamimba.

"Wagunda?" ananong'ona Lidisoni.

Mkaziyo anapukusa mutu.

Kutayera pang'ono anatsegula. Pakhomo panali mitu inayi ija anakwirira dzulo, yotsukidwa bwino, yondandalikidwa pamzere ngati tomato wa pamsika. Amubwezera katundu wake.

Anapita kudzala. Ulendo uno sanagwire kanthu. Anakhala chonjuta n'kuyang'ana, monga ankayang'anira munda wake kumudzi pofuna kudziwa pamene pali chiswe. Usiku umenewo kunagwa chisanu, ndipo mulu wonse unali woyera ngati wawazidwa ufa. Anayang'ana, kuyang'ana. Ndiye anaona. Malo anayi chisanu chinali chitasungunuka, timabwalo tating'ono takuda, ndipo pamenepo pankatuluka kanthunzi kochepa, kutuluka n'kuleka, kutuluka n'kuleka.

Anafukula ndi zala. Mitu ina yonse mizu yake inali itauma n'kupotana. Inayi imeneyi inatulutsa mizu yatsopano, yoyera, yaitali ngati chala, ndipo yonse inaloza mbali imodzi, kumunsi kumadzi.

Wilibala inali pomwepo koma anaona kuti si bwino. Anavula jekete, kuikulunga mitu ija, n'kuinyamula pachifuwa. Inkalemera kuposa kukula kwake.

Nankhoma anamuimitsa ali pakhomo. "Inu simungabwezere, ndinu mwamuna. N'chifukwa chake akubwezerani zadzulo zija, si kulakwitsa mitu kokha. Ine sindingapondeko ndili chonchi."

"Nanga ndani?"

Onse awiri anayang'ana kunyumba yaikulu.

Mayi Chapomba anatuluka atavala chijuzi pamwamba pa zogonera, mpango kumutu, akung'ung'udza. "Ine ndinaphunzira, a Lidisoni. Ndimapemphera. Ndakhala m'mayiko a eni zaka makumi atatu, sindinaonepo anyezi akulamula munthu. Ndikupita chifukwa cha mtsikana uyu, kuti mtima wake ukhale pansi. Tikamaliza mupite naye kuchipatala, mwamva?"

"Ndamva, Mayi."

Anatsetsereka, madamu patsogolo, akulankhulabe za mabondo awo ndi za mame. Atafika pakona paja mawu anathera pakati.

Maenje analipo asanu.

Lidisoni anawerenga ndi maso, kuwerenganso ndi chala. Anayi anali ake, a khasu, m'mbali mwake mosongoka. Lachisanu linali kumapeto kwa mzere, laling'ono, losazama, lokumbidwa ndi manja. Zala zinkaoneka m'dothi. Dothilo linali lisanaume.

Amayi aja analipo. Sanali kutsidya tsopano. Anaima pamene mpanda unagwera, poti munthu akanatha kuwapatsa moni wa padzanja. Ankagwedezeka uku ndi uku. Kamtsinje kanali kataleka kumveka.

Mmodzi, wa nsalu yakale uja, anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali kachomera kakang'ono, kamutu ngati dzira la njiwa, timasamba tiwiri tongotuluka kumene. Anakalozetsa kwa Lidisoni. Kenaka anatukula chibwano pang'ono, kuloza kumtunda, kukanyumba kumene kunagona Nankhoma.

Lidisoni anatula jekete pansi mosamala, n'kubisa manja kumbuyo.

"Ndinazula zinayi, amayi," anatero. "Zinayi ndabweza. Izi apa. Ndinalakwa, sindinkadziwa. Icho si changa."

Dzanja lija silinabwerere.

"Chonde. Awiri munatenga kale."

Dzanja linali pomwepo. Ndipo Lidisoni anamva dzanja lake lamanja likumasuka lokha kumbuyo kuja. Analigwira ndi lamanzere. Munthu wa mphamvu zake zija, thukuta linatuluka m'chisanu chimenecho, koma dzanja linkabwerabe kutsogolo pang'onopang'ono, chikhatho chikutambasuka.

"Bweretsani kuno."

Anali Mayi Chapomba. Magalasi anali atavula, akulendewera pachifuwa. Anadutsa kutsogolo kwa Lidisoni n'kuima pakati pa iye ndi dzanja lija.

"Bweretsani kuno, amayi anzanga. Dzenjelo lili ndi mwini wake. Wanga alibe pake."

Amayi aja analeka kugwedezeka.

"Anali wamkazi," anatero madamu, ndipo Chichewa chawo chinasintha, chinakhala cha kumudzi, chopanda mphuno ija Lidisoni ankaitsanzira. "Kunja kuja, chaka changa chachiwiri. Kunkazizira kuposa kuno. Anamukulunga m'thawulo n'kutuluka naye, ine anandipatsa pepala loti ndisayine. Kunalibe mayi anga, kunalibe azakhali, kunalibe wondiuza chochita. Sindidziwa kumene anamuika. Zaka zonsezi ndabzala maluwa m'nyumba iliyonse imene ndakhalamo, koma iye sindinamubzalirepo kanthu." Anatambasula manja onse awiri, monga amalandirira munthu chinthu kwa wamkulu. "Ngati mungamulole akhale pamzere ndi anzake."

Panapita nthawi. Lidisoni akuti mwina mphindi imodzi, mwina chaka. Kenaka dzanja lija linatembenuka pang'onopang'ono, ndipo kachomera kanagwera m'manja mwa madamu.

Dzanja la Lidisoni linagwa lokha ngati chingwe chaduka.

Madamu anagwada m'matope, mabondo aja ankadandaula nawo osawakumbukanso, n'kufunyulula jekete. Osatembenuka anati, "A Lidisoni, izi si za amuna. Kwerani. Musacheuke."

Anakwera. Kumbuyo kwake ankamva manja akuphapha dothi lonyowa, pha, pha, pha, ndipo sanali manja awiri okha. Wina anayamba kung'ung'uza kanyimbo kopanda mawu, ena n'kulandira, motsitsa. Khosi linkamuyabwa kufuna kucheuka. Analigwira ndi manja ngati munthu wonyamula mtsuko wong'aluka. Atafika pakati pa chitunda anamva kamtsinje kayambanso kulira, ndipo penapake mumtengo njiwa inatsokomola n'kuyamba nyimbo yake.

Anapeza Nankhoma ataima pakhomo, atagwira mphuthu ya chitseko, atawerama.

"Nankhoma, chavuta n'chiyani? Tithamange?"

"Iwe," anatero mkaziyo, koma sankalankhula ndi mwamuna wake. "Iwe, nthiti zimenezo ndi zanga. Masiku awiri uli phee, lero ukufuna ubweze zonse nthawi imodzi?" Misozi inkatsika, uku akuseka. Chitenje chinadumpha. Chinadumphanso.

Lidisoni anakhala pansi pomwepo, pamame, munthu wamtali uja.

Patapita kanthawi madamu anatulukira m'nkhungu, matope mpaka m'zigongono, mpango utapendekeka. Anaima patsogolo pa Nankhoma akupuma movutikira.

"Akugunda?"

"Akugunda, Mayi."

"Ndingagwireko?"

Nankhoma anatenga dzanja lamatope lija n'kuliika pamimba pake. Anadikira. Mwana anamenya teche limodzi la mphamvu, moti madamu anadzidzimuka n'kuseka, kuseka kumene Lidisoni anali asanakumvepo pakhomopo. Dzanjalo sanalichotse msanga.

"Valani, ndikuperekezeni kuchipatala," anatero kenaka, akupukuta m'maso ndi phewa. Atayenda pang'ono anatembenuka. "A Lidisoni, kumunsi kuja khasu lanu lisafikekonso. Ndizikasesako ndekha."